Madzi Salipira Lendi

Tsiku lolandira makiyi ku Kawale,
a Chimtengo ananditsitsa masitepe asanu ndi awiri
nati: "Ichi ndi chapansi, chozizira ngati mtsuko,
nyumba zina mumsewu muno zilibe."
Unali Okutobala, khoma lili gwa.
Ndinaikamo mabelo awiri a kaunjika
ndi sutikesi ya masatifiketi a mkazi wanga.

Januwale anabwera ndi mlendo wosaodira.
Sanadzere kudenga ayi,
malata athu ndi atsopano, amangolongolola.
Anadzera pansi, pamene khoma limakumana ndi simenti,
poyamba ngati thukuta la munthu wabodza,
kenako kamzere,
kenako chithaphwi chophunzira kukwera masitepe.

Tiyanjane, wa Sitandade 4,
ankalemba ndi khala pakhoma pamene madzi afika:
Lolemba chala chimodzi,
Lachinayi chikhatho chonse.
Loweruka anakwera ali wefuwefu:
"Ababa, pansi pali chule,
ndipo sakuoneka ngati wodutsa."

Majekete amene ndimati ndikagulitse mu Tsoka
anamera ndevu zoyera.
Fungo la chuku linatipeza kuchipinda,
linalowa m'mapilo, mu shuga,
linapita nafe kutchalitchi.

Ndinaimba foni. "Ndili pamaliro ku Mitundu."
Ndinaimbanso. "Ndi paipi imeneyo, musandivute."
Pulambala anabwera, anatseka mipopi yonse,
anagwada pa mita ngati womvera mtima wa wodwala.
Mita ili zii.
"Bwana, awa si a bilu.
Pano panali dambo, mayi anga ankalimapo mpiru.
Madziwa akungobwerera kwawo."
Analandira ya kabaza, napita.

Usiku ndiye ife ndi ndowa,
Nagama kutunga, ine kukwera,
magetsi atathima, tochi ya foni kukamwa.
Tinawerenga mpaka makumi anayi, tinaleka.
Tinakangana za amene anasankha nyumba ino,
tinakangana za mlamu wanga amene sakukhudzidwa n'komwe,
kenako iye anaterereka, nakhala pansi thapsa,
ndipo tinaseka mpaka agalu a kuseri anayankha.
Kutacha madzi anali pomwepo,
achuluka ngati ngongole ya katapila.

Masatifiketi tinawayanika pa waya, limodzilimodzi.
Dzina lake linasungunuka theka,
chidindo chokha n'chimene chinakana kufa.
Tsiku limenelo sanaseke.

Pa 30 foni ya a Chimtengo inachira,
maliro onse anatha:
"Mwezi watha, akulu."
Ndinati tigawane lendi patatu,
ine, madzi ndi chule,
pakuti chipinda chapansi akugonamo ndi iwo.
Anadula.

Basi ndinabwereka pikisi.
Ndinakumba ngalande kuzungulira maziko
mpaka kukagwera mumfuleni wa kumsewu,
ndinathiramo zidutswa za njerwa ndi miyala ya kwale.
Matumba atatu a simenti pa wilibala,
mapaleti anayi ochokera ku Malangalanga
kuti mabelo agone pamwamba ngati mabwana.
Malisiti ndinawasunga m'chitini cha mkaka,
chifukwa pano pepala limafuna chivindikiro.

Madzi sanachoke ndi ukali.
Anachepa pang'onopang'ono, ngati mlendo
amene waona kuti ndiwo zayamba kuwerengedwa.

Epulo, a Chimtengo anatsika masitepe aja
ndi nsapato zopolisha,
anagogoda khoma, ananunkhiza mpweya.
"Mwaona? Ndinanena kuti nyumbayi ndi yolimba.
Yotere masiku ano siipezeka pamtengo uwu,
mwezi wamawa tiwonjezerako pang'ono."
Ndinawapatsa chitini. Anati aiwala magalasi.

Mizere ya khala sindinaifufute.
Wapamwamba umandifika m'bondo,
pambali pake Tiyanjane anajambula chule atavala jekete.
Amene adzabwere pambuyo pathu mu Okutobala,
akadzamva kuti n'chozizira ngati mtsuko,
adzayatse tochi, adzawerenge khoma.