Makapu Makumi Anayi

Bambo Wietse a ku Rotterdam,
m'nyumba yosanjikizana yoyang'ana kudoko,
anagula akangaude awiri odumpha
mwezi womwe anachotsa mpando wachiwiri patebulo.

Wogulitsa anachenjeza: aliyense botolo lake.
Iwo anangogwedeza mutu.
Mtima wa wamasiye uli ndi masamu ake,
umati kali kokha n'kanyama.
Anawatsekera m'galasi limodzi,
khungwa, kanthambi, ntchentche zokwanira onse.

Masiku atatu ankangoyang'anana,
maso asanu ndi atatu kwa maso asanu ndi atatu.
Wamng'ono, wakuda uja, ankatukula manja,
kuvina chammbali ngati wobwera kudzafunsira.
Wamkulu phee pakhungwa.
Bambo Wietse anaimbira foni mwana wawo Marijn ku Utrecht:
agwirizana, bwera udzaone.

Lachinayi m'mawa
pansi panali timiyendo topindika
ndi chikhungwa chopepuka ngati gaga.
Wotsalayo ankapukuta nkhope yake,
osapepesa.

Khofi anazizira m'kapu tsiku limenelo.

Koma kumtunda kwa galasi, pakona,
kunayamba kuyera kathumba ka ulusi.
Mayi uja analowamo, nakana kudya,
mpaka mvula ya m'nyanja itatopa kumenya zenera.
Kenaka tinatuluka,
tinthu tonga tsabola wosinja,
kukwerana pamsana, kugona mulu umodzi,
osalumana.
Taonani, anatero bambo Wietse kwa khoma, n'zotheka.

N'zotheka masabata ochepa chabe.
Tikafundula kawiri, katatu,
m'bale amayamba kununkhira ngati ndiwo.

Marijn anabwera pasitima ndi makapu makumi anayi,
singano yoboolera zivindikiro
ndi kaburashi kofewa kosamutsira.
Anagwira ntchito osalankhula kwambiri,
kamodzi m'kapu, kamodzi m'kapu.
Awiri anathawira kuseri kwa katani.
Usiku mwanayo anabwerera kwake.

Tsopano makapu andanda pashelefu,
pepala pakati pa kapu ndi inzake
kuti asaonane, angatope ndi kuopsezana.
Madzulo bambo Wietse amadontheza madzi m'iliyonse,
n'kumva mayi Oosterhuis akutsokomola kuseri kwa khoma,
zaka khumi ndi ziwiri moni wa m'chikepe basi.

Dzulo anagogoda pakhomo pawo,
kapu nambala sikisitini ili m'manja.
Kakangaude kanatembenuka,
kanayang'ana mayiwo m'maso mwenimweni.
Kamadya chiyani? anafunsa mayi Oosterhuis,
chitseko atatsekula theka.