Zotsekera M'makutu

Loweruka, m'sitolo ya zipangizo ku Eriya 4,
ndayala zonse pakauntala
ngati ndikusankha tomato.

Zachikasuzi n'zasiponji:
umazipotokola ndi zala, n'kuzikankhira mkati,
zimafufuma pang'onopang'ono
mpaka hutala ya minibasi za ku Kawale izilale.
Koma khutu langa lamanzere n'lopapatiza,
likuzilavula.

Zikuluzikulu zonga mahedifoni
zikufinyira miyendo ya magalasi m'mutu,
ndipo Okutobala uno
thukuta lingadzaze timbale tiwiriti.

Nasibeko, wogulitsa, wagwira m'chiuno:
"Achimwene, kodi ndi nsapato zaukwati?"

Sawadziwa a Gwedeza,
amene anandiphunzitsa kupuma ndisanakoke chala,
tikulasa zitini kuseri kwa phiri la Bunda.
Zaka makumi awiri akuwomba mfuti
makutu ali pambalambanda.
Lero mdzukulu akawaitana
amangomuyang'ana pakamwa,
ndipo usiku, akuti, m'mutu mwawo mumalira nyenje
yosadziwa tulo.

Ndatenga zamphira, zofewa, zachingwe chabuluu.
Ndazivala pompo.
Nasibeko akunena mtengo,
ine ndikungoona milomo ikuyenda, zii,
mtima wanga wokha ukugogoda.

Ndazivula msanga.
"Bwerezaninso," ndatero,
ngakhale mtengowo walembedwa papaketi.