Usiku Wosamutsa Mawu

Atipatsa maola anayi, kuyambira wani koloko usiku.
Kunja chipale chakwirira galimoto yanga mpaka m'magalasi,
ndipo dzuwa kuno ku Varanger latha milungu isanu osasuzumira.
Mkati muno makina akale akung'ung'udza
monga achitira kuyambira ndili mnyamata wonyamula makwerero.

Eskil wabwera ndi laputopu ndi khofi wa m'fulasiki.
Akuti, Arnfinn, mawu safunanso msewu wawowawo.
Tiziwaduladula timaphukusi, kalikonse keyala pamphumi,
kena kadzere uku, kena kalambalale,
tikakumane kutsogolo n'kufola mwa manambala.
Ndikuti, nanga kamodzi kakasochera?
Akuti khutu silidziwa, limasoka lokha pong'ambika.

Ine ndinazolowera zina.
Munthu akanyamula foni tinkamuyalira njira yakeyake,
yosaduka, kuchokera pakamwa pake mpaka kukhutu la mnzake,
ngakhale onse awiri atasowa chonena.
Kukhala cheteko tinkakunyamulanso, kunkalowa pa bilu.
Atsopanowa akaona kuti palibe akuyankhula
satumiza kanthu. Amangopeka kamphepo kabodza, siii,
kuti usaganize kuti mnzako wakuthawa.

Papepala patsala manambala khumi ndi imodzi.
Chikepe cha kunyumba ya okalamba.
Alamu ya firiji ya nsomba kudoko.
Fakisi ya dokotala wa mano amene tinamuika chaka chatha.
Ina palibe akuikumbukira mwini wake,
koma imalira Lachiwiri lililonse popanda woyankha.
Kenako Oddveig, wa kumathero a msewu.

Oddveig anatikana katatu.
Chaka cha namondwe, magetsi atathima masiku anayi,
foni yake sinafe, poti moto wake unkachokera muno,
m'mabatire awa onunkha asidi,
n'kuyenda makilomita asanu ndi anayi mu waya wa mkuwa.
Ndi mmene anaitanira ambulansi ya mwamuna wake.
Lachisanu ndinakamuikira kabokosi koyera
ndi batire lotha maola asanu ndi atatu.
Anandithirira khofi, n'kufunsa, nanga ola lotsatiralo?
Ndinayang'ana masokosi anga pa kapeti yake.

Nthawi yakwana.
Eskil akuwerenga, ine ndikuzula makadi
amene ndinawabzala ndekha tsitsi lisanachite imvi.
Amodzi akukanirira. Ndikuwagwedeza ngati dzino.
Timagetsi tobiriwira tikutsinzina mzere ndi mzere,
mafani akuchepa mphamvu, akuchepa,
zii.
Sindinkadziwa kuti chipinda chino chili ndi wotchi yapakhoma yomveka.

Pakona, kabati imodzi yaifupi kundifika m'chiuno
yasenza zonse zimene holo yonseyi inkasenza,
ndipo sikutuluka n'thukuta lomwe.
Ulusi wagalasi wowonda ngati tsitsi ukulowa kumbuyo kwake.
Sindikuida. Ndaona momwe imadzipezera njira ina
chingwe chikaduka pansi pa nyanja,
pomwe ife tinkadzuka usiku kukakumba.

Lamulo likuti nambala iliyonse iyesedwe.
Ya Oddveig ndimati ndiisiye mpaka kuche,
koma kuno sikucha.
Yangolira kamodzi.
Ndiwe Arnfinn? Ndimadikira.
Ukumveka pafupi kwambiri, ngati uli m'khitchini muno.
Sindinavale bwino, usayandikire chonchi.
Waseka, ine ndaseka,
ndamuuza kuti m'galaja mwanga muli batire lina lalikulu, la boti,
ndibwera nalo msewu akaupala.

Kenako tonse takhala chete.
Ndakanikiza foni kukhutu, kumvetsera kamphepo kaja,
osadziwa ngati ndi mpweya wake
kapena ndi makina akundisungira malo.

Eskil wachonga m'bokosi. Zatsala zitatu.
Alamu ya nsomba ikukana kulankhula chinenero chatsopano,
ndipo wina ayenera kupita kudoko ndi tochi.
Ndikufunafuna magolovesi anga.