Ziwiri pa Garaja ya Bambo Teasdale

Pa garaja ya bambo Teasdale ku Alston
zaima ziwiri, mvula ikuziwaza mofanana.
Kobiriwira nkafupi, kotukuka mimba ngati mbuzi ya m'phiri,
mpando wake wouma ngati benchi la pachipatala.
Yotuwayo ndi yofatsa, yotakata kumbuyo,
ikununkhabe galu wa mwini wake woyamba.

Ndazizungulira katatu, manja m'thumba la jekete,
ngati nkhoswe yofufuza mbiri ya mkamwini.
Ndagwada m'matope kusuzumira pansi
pomwe mchere wa mumsewu umabisa dzimbiri.

Zonse zimakoka ndi mawilo anayi, mayi,
akutero mwini garaja, akupukuta girisi m'zala.
Nkhani ndi yakuti inu mumapita kuti.

Ndimapita kuti?
Loweruka ku Carlisle, phula lokhalokha,
kukagula mafuta a tsitsi ndi thelele louma,
Yamikani ali kumbuyo, mawondo akukula mwezi ndi mwezi.
Koma masiku enawo, seveni isanakwane,
pali mageti atatu oti nditsike, nditsegule, nditseke,
kenako kanjira ka miyala kokwera kwa mayi Nattrass
amene sadzuka pabedi ine ndisanafike.

Januwale wapitayu chipale chinakwirira kanjirako.
Galimoto yanga yakale inangolira, matayala akupota pamodzimodzi.
Ndinaisiya pa geti lachiwiri
nkuyenda wapansi, chikwama cha mankhwala pamutu,
nkhosa zikundiyang'ana ngati zaona mzukwa.
Ndinawapeza moto utazima, milomo itauma,
akuti: ndimadziwa ubwera, Ndaziona.
Dzina langa analipinda monga mwa masiku onse.
Sindinawakonze.

Achimwene pa foni, ali ku Mchinji:
tenga yaikuluyo, anthu akuone kuti uli kunja.
Anthu ake ati, achimwene?
Kumtunda kuno wondiona ndi khwangwala
ndi mlimi mmodzi wopereka moni ndi chala chimodzi.

Ndaziyesa zonse.
Yotuwa pa phula imayenda ngati mafuta m'chiwaya,
siimwa kwambiri, wailesi yake imamveka.
Koma pa mwala wa pa geti lachitatu yakhula mimba,
phokoso lake ndalimva m'mano.
Kobiriwira mphepo ikawomba kamadzandira,
kamandigwedeza msana, kamameza petulo ngati ludzu la maliro,
koma pamwala paja kadutsa osafunsa,
kakwera mpaka pakhomo, kaima, kakupuma.

Yamikani adzadandaula za mawondo.
Msana wanga udzandiimba mlandu pofika Epulo.
Malipiro a mwezi ndawawerenga kawiri kuseri kwa lisiti
ndipo kawiri konse atsala pang'ono kusakwana.

Bambo Teasdale atambasula manja, kiyi uku, kiyi uku.
M'thumba foni yalira: faifi koloko,
mapiritsi a madzulo, ndi makatani oti nditseke.
Kumwamba kwa phiri mtambo wayera mokayikitsa.

Ndatenga ya kudzanja lamanzere.
Chitseko chake chimafuna kumenyetsa kawiri.