Mwendo Umodzi

Msana ndi umene unayamba.
Zaka khumi ndi zinayi ndili pa chiwongolero,
Chinsapo kupita ku depoti, depoti kubwerera ku Chinsapo,
maenje onse a msewuwo anasamukira m'chiuno mwanga
ngati alendo osadziwa kutsanzika.

Ku Bwaila anandipatsa mapiritsi.
Ndikutuluka, namwino wina, Mayi Nagama,
anandiyang'ana mmene ndinkatsikira masitepe, nati:
Loweruka m'mawa, pabwalo la sukulu ku Kawale.
Mubwere ndi mkeka. Ukali muusiye kunyumba.

Mkeka ndinatenga. Ukali unabwera wokha.

Tinalipo asanu ndi awiri:
telala wa ku Mchesi, amayi awiri a kaunjika,
mlonda wongoweruka kumene, tulo tili m'maso,
ena sindinawafunse.
Yoga, anatero Mayi Nagama, ndi mawu achibale ndi goli.
Thupi ndi ng'ombe imodzi, maganizo ndi inzake.
Zanu, bambo Chadzunda, ina ili ku Kanengo,
ina yagona m'matope ku Chinsapo,
ndiye mukudabwa kuti ngolo siyenda?

Kokani mpweya. Muusunge. Utulutseni pang'onopang'ono.
Ndinaseka. Ine, bambo wa ana anayi,
kuphunzitsidwa kupuma!
Koma nditatseka maso ndinamva chifuwa changa
chikuthamanga ngati injini yoiwalidwa pa giya yoyamba.
Chinayamba liti? Sindikudziwa.

Kunyumba, Felesiya anandipeza ndagona chagada pasimenti,
manja tambasu, maso tseke,
anataya ndowa, nakuwa dzina langa lapaubwana.
Ndinati ayi, kagonedwe aka amakatcha ka mtembo.
Iye anati m'nyumba muno zimenezo ayi.
Aneba akuti ndalowa mpingo wachilendo.
Kondakitala wanga Yobe akuti ndi ukalamba basi.

Ndiyeno mafuta anasowa.
Usiku wachiwiri tili pamzere,
magalimoto ndondondo mpaka kuseri kwa mphambano,
udzudzu ukulira, wailesi ikulonjeza,
galimoto ina yakuda, magalasi osaoneka mkati,
inadzalowa kutsogolo kwanga ngati pakhomo pake.
Ndinaumva moto ukukwera kuchokera m'mimba,
kufika pakhosi, dzanja lili kale pa chitseko.
Ndinauona.
Ndi chokhacho chimene chinali chatsopano:
ndinauona ukubwera, ngati fumbi la Okutobala
lisanafike pamene waima.
Kukoka kamodzi. Kutulutsa.
Kachiwiri.
Kachitatu ndinatukwanabe, koma chamumtima,
ndipo chitseko sindinatsegule.

Musandiyese woyera.
Lachiwiri lapitali ndinakalipira mwana wasukulu
chifukwa cha ndalama yong'ambika.
Ngongole ya matayala ikadalipo.
Msana umakumbukabe maenje, makamaka kukazizira.

Koma m'mamawa, mzinda usanatsokomole,
azimayi a pa mjigo asanayambe kukangana,
ndimaima kuseri kwa nyumba pa mwendo umodzi,
phazi lina pa ntchafu, manja m'mwamba:
kaimidwe ka mtengo.
Kale ndinkati kukhazikika ndi kuuma gwa,
osagwedezeka ngati chipilala cha konkire.
Mayi Nagama anati, yang'anani phazi lanulo.
Ndinayang'ana.
Zala zonse zinali pa ntchito,
kugwira dothi, kulisiya, kuligwiranso,
kakolo akunjenjemera uku ndi uku,
kugwa pang'ono, kubwerera pang'ono,
mphindi iliyonse.
Kumeneko ndiye kuima, anatero.

Lero ndawerenga mpaka makumi atatu ndisanagwe.
Nditagwa, ndinamva kuseka pa zenera:
mwana wanga wotsiriza, Tikhale,
ataima pa bedi mwendo umodzi,
lilime kunja, akupepesuka,
akuti, adadi, ine ndakuposani.

Yobe akuimba kale hutala kumsewu.
Ndikupinda mkeka.
Ndikubwera, Yobe,
ng'ombe zonse ziwiri zili pano.