Burashi ya ku Mbare

Ndinaigula pa Musika, madola awiri,
kwa mnyamata wogulitsa maloko ndi mankhwala a mphemvu.
Anati ndi yokwechera thupi. Ndinaseka:
kodi ine ndine mphika?

Lero mpopi wa ku Mufakose wauma gwa, tsiku lachinayi.
Ndowa imodzi ya kumjigo
ndiyo ya ine ndi ana awiri,
ndiye ndimayamba pouma.

Kuchokera ku zidendene zong'aluka ndimakwera
pang'onopang'ono, kulunjika kumtima,
katumba, bondo, ntchafu,
fumbi la m'kombi likuyoyoka mbuu
ngati gaga palichero.
Pamsana, pomwe dzanja limathera,
chogwirira chamtengo chimapitiriza ulendo.
Pamenepo ankandikanda Lameki
asanakwere basi ya ku Joni.

Tsiku lonse manja awa apukuta matailosi a eni ku Borrowdale,
apesa galu wa eni
amene ali ndi burashi yakeyake, yofewa kuposa iyi.
Usiku uno akumbuka mwini wawo.

Khungu latentha, likunyerenyetsa mokoma,
magazi akuthamanga ngati ana oweruka kusukulu.
Makapu atatu a madzi akwana.
Kavaselini m'zigongono.

Tiyanjane akugogoda: Amayi, mwagona m'bafamo?
Magetsi azima, jenereta ya Mai Mutsa
ikutsokomola kuseri kwa mpanda.
Dikira, mwanawe.
Latsala phewa lamanzere,
lija limanyamula chikwama, lendi,
ndi dzina la bambo ako.