Mpatuliro

Lachiwiri madzulo ku Hull.
Mvula ya kuno, yosadziwa kugunda,
ikungonyowetsa zenera la kalasi.
Ndachokera kosambitsa nkhalamba za eni,
manja akununkhabe sopo wa kuntchito,
ndipo ndakhala pansi kuti ndiwete nsato.
Ndilo tanthauzo la dzina la chilankhulochi.

Mayi Thackray anati lembani mayina anu
kompyuta iwatchule.
Langa ndinaliika pakati pa nkhodolero ziwiri:

'Mang'anda'

Nsato inameza Mang,
anda n'kumulavula m'zilembo zofiira.
Nkhodolero yapakatiyo,
imene bambo anga ankaidinda mosamala
posainira ndalama za fodya ku Kanengo,
makina anaiyesa chitseko chotsekera mawu.
Pambali panga Declan O'Hara anaphulika kuseka.
Naye lake linali litathyoka pakhosi pomwepo.
Tinaphunzira limodzi usiku umenewo
kuti dzina lotere limafuna mitengero iwiriiwiri,
apo ayi kamzere kopendama chagada
kolipepesera kwa makina.

Sabata inayo, mndandanda wa a kwathu:

"Tiyanjane" "Mwaiwathu", "Nabengo"

Pakati pa ana awiriwo ndinaiwala mpatuliro.
Nsato sinadandaule. Kuopsa kwake n'komweko.
Inangowamata phaa,
TiyanjaneMwaiwathu, mwana mmodzi wa mitu iwiri,
n'kundiuza mosaphethira kuti anthu anga ndi awiri.
Ndinasaka mpaka basi yomaliza inandisiya.
Cholakwa chokuwa bola.
Chachete chili ngati chiswe mu mtanda wa denga,
umadzadziwa udzu uli kale pamutu.

Kenako tinafika pa tapulo.
Ndi mtolo, anatero Mayi Thackray,
womanga kamodzi, osamasulanso.
Simuchotsamo, simusinthamo kanthu.
Ikanimo amene mumakhala nawo m'nyumba.

Declan analemba mkazi, ana atatu ndi galu.
Ine ndinatsegula bulaketi,
kudziikamo, n'kutseka.

("Mang'anda")

Ndinaifunsa: muli angati m'menemo?
Inati asanu ndi anayi.
Asanu ndi anayi,
m'kachipinda ka pa Anlaby Road
kamene ndikatambasula mkono ndimagunda ketulo!
Kumeneko n'kuti ikuwerenga zilembo.
Inandisadzula ngati chimanga chokonola,
M payekha, a payekha,
ngakhale nkhodolero ija inawerengedwa ngati mlendo.

Mayi Thackray anawerama, magalasi ali pamphuno.
Mabulaketi sapanga mtolo, anatero,
ndi mpanda chabe.
Chinthu chimodzi chotchingidwa
chimangokhala chinthu chomwecho.
Analoza ndi chikhadabo malo opanda kanthu
pakati pa dzina langa ndi khoma.

("Mang'anda",)

Muli angati?
Mmodzi.

Ndinakayang'ana nthawi yaitali kampatuliroko,
kamchira ka mbewa kotsalira kunja kwa una.
Kusukulu ku Bilira aphunzitsi akanakazinga ndi inki yofiira:
mpatuliro wopanda chotsatira, wapatula chiyani?
Koma kuno ndi komwe kamanena
kuti uyu sali chabe munthu wotsekeredwa,
ndi banja, lingakhale la mmodzi.

Ndinayesa kulowetsamo Nabengo pompo.
Inakana. Mtolo sumasulidwa.
Ndinayesa kumuphatikiza ali dzina chabe.
Inakananso: mtolo umalumikizana ndi mtolo unzake.
Naye avale mabulaketi ake,
naye anyamule mpatuliro wake,
zikatero pamabadwa mtolo wina watsopano,
wakale uja n'kutsala momwe unalili.
Ndinaganiza za mafomu a viza ali pansi pa matiresi,
mwezi wachisanu ndi chitatu tsopano.

Potuluka mphepo ya ku Humber inali itadikira pakhomo.
Foni inanjenjemera m'thumba la jekete. Nabengo:

mwaswera bwanji ana ali bwino Tiya wachotsa dzino
fetereza wakwera denga likudontha mbali ya kwanu ija
mudye musagone ndi njala

Mulibe mpatuliro ngakhale umodzi.
Ndinaima pansi pa getsi la pa siteji,
madontho akugwera pagalasi,
ndipo ndinamva zonse.